Aburashi ndi Makina Opanda Sofa

Aburashi analemba zikwangwani zaka makumi atatu, mpaka dzanja lawo lamanja linayamba kunjenjemera. Dzinalo anawapatsa ndi makasitomala, poti burashi sinkachoka kuseri kwa khutu lawo. Chikwangwani chomaliza chinali cha ometa tsitsi, ndipo zilembo zinatuluka ngati zaledzera. Kuyambira pamenepo ankangokhala pabenchi m'shopu ya mwana wawo wamkazi, wokonza masofa. Zinkawawawa zedi, munthu wamkulu kumangodya osagwira kanthu.

Ndiye mwanayo atatsegulitsa tsamba la shopu pa intaneti anati, "Ababa, mawu ake mulembe ndinu. Alipo wodziwa kuitana kasitomala kuposa inu?"

Aburashi anadzuka pabenchi paja. Ntchito yabweranso!

Kunabwera mayi wopanga masamba a pa intaneti, laputopu kukhwapa. "Mulembere owerenga awiri, bambo, anthu ndi makina osakira. Munthu akalemba pafoni kuti 'okonza masofa', makinawo ndi amene amasankha tsamba loti amuonetse. Choncho mawu amene anthu amasaka azipezeka m'zolemba zanu."

"Makinawo ali ndi sofa?"

"Ayi, bambo."

"Nanga akuwerengeranji?"

Mayiyo anangoseka n'kumapita, ngati wayankha. Aburashi mutu unaima. Pa chikwangwani lamulo linali limodzi basi: mawu asapitirire asanu, chifukwa wapanjinga saima kuti awerenge. Koma wowerenga uyu, wopanda maso, wosadutsa pamsewu, amakonda zazifupi kapena zazitali? Amapatsidwa moni? Akakhumudwa munthu amadziwira pati?

Poopa kulakwira aliyense, analemba mapepala awiri. La anthu linali lachidule: SOFA YAKALE IKHALA YATSOPANO. La makina analiyamba mwaulemu, "Okondedwa Makina," kenako mawu oti "okonza masofa" anawabwereza ka makumi anayi, kuti makinawo asadzanamizire kuti sanawaone. Atamaliza anamata mapepala onse pachitseko n'kuwoloka msewu kuti aone ngati akuwerengeka patali, monga ankachitira ndi zikwangwani. Abale inu, pensulo n'kuoneka kutsidya kwa msewu? Anabwerera atasokonezeka kuposa poyamba.

Mwana wawo anawerenga mapepalawo mpaka pansi. "Zili bwino, ababa. Ndikapereka kwa mayi uja."

Patatha masabata atatu, mayi wina anatsitsa mipando iwiri yong'ambika pakhomo pa shopu. Anati anawapeza pa intaneti, ndipo chimene chinamukoka ndi kalembedwe kake.

"Analemba ndi bambo anga awa," anatero mwanayo msangamsanga.

"Ndinu katswiri, bambo! Tamverani." Mayiyo anatulutsa foni n'kuwerenga: "Ndife okonza masofa ndi mipando. Titumizireni chithunzi cha sofa yanu, tikuuzani ngati ingakonzeke komanso masiku amene titenge."

Aburashi anatchera khutu kudikira mawu awo. Anadikira, anadikira, mayiyo mpaka anabweza foni m'chikwama. Iwo anangoti zikomo.

Kasitomala atapita, Aburashi anafunsa, "Mwanawe, makina aja amasinthanso zimene munthu walemba?"

Mwanayo anali atawerama pa mpando, akuzula nsalu yakale. Sanadzutse mutu.

"Eya, ababa. Amakonzako pang'ono."

Aburashi anayang'ana msana wa mwana wawo, nazindikira amene analembadi mawu aja. Manyazi anawagwira, chisoni chinawagwiranso, osadziwa kuti akwiye kapena athokoze.

"Ukawauze makinawo kuti analemba bwino," anatero. "Ine sindikanatha."