Dzinja Limene Amayi Anakaphunzira ku Liwonde

Katepi kaja kanali kapulasitiki, ka mitundu itatu: kobiriwira, kachikasu ndi kofiira. Amayi ankakasunga m'chitini cha mafuta odzola chimene chinatha kalekale, ndiye kankanunkhira mafutawo. Ankakakulunga pamkono wa mwana, pakati pa phewa ndi chigongono, n'kuona mtundu umene waonekera pakabowo ka katepiko. Pobiriwira, mwana ali bwino. Pofiira, thamangani naye kuchipatala. Ndi chokhacho chimene anabwera nacho kuchokera ku Liwonde, ndipo ine chinandidyera sukulu.

Ndinali mu Sitandade 7, kwathu ku Chikweo. Mudzi wathu uli kutali ndi chipatala. Mvula ikagwa madambo amadzaza, njinga imene wabwereka kuti utengerepo wodwala umachita kuisenza ndiwe. Tsiku lina kunabwera anthu a bungwe pagalimoto yoyera. Anati apeza thandizo la ndalama lochokera kunja loti aphunzitse munthu mmodzi m'mudzi uliwonse za matenda a ana. Maphunzirowo akachitikira ku Liwonde, ndipo akhala magawo awiri, loyamba kuzindikira matenda, lachiwiri kupereka mankhwala. Womaliza onse awiri adzapatsidwa bokosi la mankhwala a malungo, chibayo ndi kutsegula m'mimba.

Ankafuna mzimayi wodziwa kuwerenga. Analipo angapo, koma amuna awo anakana. Mkazi wanga akagone ku resitihausi ku Liwonde? Iyayi. Ndiye maso onse anagwera amayi, chifukwa bambo anga anapita ku Joni ndili wamng'ono ndipo anali atasiya kuimba foni. Kwathu kunalibe mwamuna woletsa. Koma nyumba yopanda mwamuna woletsa ndi yomweyonso yopanda mwamuna wolima, ndipo onse ankadziwa, n'chifukwa chake analonjeza pamsonkhano pomwepo. "Pitani, mayi, munda wanu ndi wathu." Azimayi analulutira.

Uthenga woti anyamuke unafika chimanga chitangomera, udzu ukutuluka nacho limodzi. Lero ndikudziwa chifukwa chake. Chaka cha a bungwe chinkatha mu Disembala, ndipo ndalama zosagwiritsidwa ntchito zinkabwerera kwa eni ake. Ndiye munthu wina, atakhala pampando wozungulira, anasankha nthawi yopalira. Mpaka pano ndikaganiza mtima umawira. Mu ofesi monsemo munalibe ndi mmodzi yemwe wobadwira kumudzi?

Amayi anakwera njinga ya kabaza atavala nsapato zawo za kutchalitchi. Ine anandisiyira mlongo wanga wamng'ono ndi mawu awiri: "Usajombe kusukulu."

Olonjeza aja anabweradi tsiku loyamba, akuimba. Kenako anayamba kuchepa, kenako zii. Sindiwada. Udzu unkamera m'minda yonse nthawi imodzi, ndipo palibe amene angasiye chimanga chake chikufa n'kukapulumutsa cha mnzake. Amalume, amene anali mwini mbumba, anabwera n'kuima pamzere woyamba. Chisoso chinali chitafika m'mawondo. Anayang'ana nthawi yaitali, kenako anandiyang'ana ine.

"Sukulu uipeza. Tenga khasu."

Ndimakumbukira dothi lonyowa likumata kukhasu mpaka kulemera ngati mwala, matuza akuphulika m'manja, mlongo wanga atagona pachitenje pansi pa mtengo wa mango, ntchentche zikumuzungulira pakamwa. Koma chimene chinkandiwawa kwambiri ndi belu. Kusukulu ankaimba chitsulo cha tayala la galimoto, ndipo mphepo ikachokera kumeneko linkamveka bwinobwino kumunda. Ndinkadziwa kuti ili ndi la masamu, ili ndi la buleki. Ndinkatema udzu ngati ndikutema munthu.

Aphunzitsi anabwera kamodzi, buluku atalipinda m'masokosi chifukwa cha matope. Anauza amalume kuti mwanayu ali ndi mutu. Amalume anati, "Mutuwo udya chiyani mu Febuluwale, aphunzitsi?" Aphunzitsi anakanda chibwano. Pochoka anandiuza kuti malo anga andisungira.

Amayi anabwerera masaya atadzaza, akununkhira sopo. Sanalowe ndi m'nyumba momwe, anapita kumunda. Mbali imene ndinapalira inali bwinoko, koma mbali yaikulu chimanga chinali chachikasu, chowonda ngati bango. Anavula nsapato zija, anatenga khasu langa, ine ndinatenga la amalume. Tinabandira mochedwa, tikudziwa tonse kuti tachedwa.

Anthu anayamba kubwera ndi ana. Amayi ankavundukula chifuwa cha mwana n'kuwerenga mpweya, ankadina phazi ndi chala kuona ngati latupa, ankakulunga katepi kaja. Ndinene zoona, ankaidziwa ntchito. Khanda la oyandikana nafe analiona nthiti zikulowa mkati popuma, anati musadikire kuti mvula ikate, nyamukani pompano. Mwana ameneyo lero ndi mnyamata, amapalasa kabaza. Koma ambiri ankafuna mankhwala, osati kuuzidwa kuti ayende ulendo womwe uja.

"Nanga mankhwala, adokotala?"

"Bokosi libwera ndikamaliza gawo lachiwiri."

Posakhalitsa kuchitsime anayamba kuwatcha adokotala a tepi.

Mu Febuluwale ufa unatha. Tsiku lina masana ndinawaona amayi akuyeza mlongo wanga. Panaoneka chikasu. Anamasula, anayeza mkono winawo, chikasu chomwecho. Anapukuta katepiko ndi chitenje ngati vuto ndi fumbi, anayezanso. Ine ndinali nditachapa kale yunifolomu kuti Lolemba ndibwerere kusukulu. Amalume atamva anandiloza n'kunena kuti mwamuna wa pakhomo pano ndi uyu, apite kuganyu. Ndinayamba kulima m'minda ya thonje ya anthu, malipiro ake chinangwa ndi madeya. Amayi sanatsutse. Sanandiyang'anenso n'komwe.

Gawo lachiwiri linali loti lichitike Pasaka ikadutsa. Amayi ankati akalandira bokosi zinthu zisintha, ine ndibwerera m'kalasi ngakhale kubwereza. M'malo mwa galimoto yoyera kunabwera mlangizi wa zaumoyo panjinga yamoto. Sanazimitse ndi injini yomwe.

"Pulojekiti ija inatseka, mayi. Othandiza aja panopa akuona za mitengo."

"Nanga ife amene tinayamba?"

"Dikirani, mwina kubwera ena."

Mitengo. Ndimafuna nditakumana naye amene anaganiza kuti munthu ungamuphunzitse kuona imfa ikubwera, n'kumusiya chimanjamanja, iwe n'kupita kukadzala mitengo. Ndili ndi mafunso, ndipo sindingawafunse mwaulemu.

Zokolola za chaka chimenecho sizinafike ndi pakati pa nkhokwe. Amalume anakonza zoti ndipite ku Phalula kwa m'bale wawo wogulitsa tomato pamsewu, kuti pakhomo pachepe pakamwa pamodzi. Malo amene aphunzitsi anandisungira sindikudziwa anakhalapo ndani.

Tsiku loti mawa ndinyamuka, ndinawapeza amayi kuseri kwa nyumba akusenda chinangwa, akuyankhula okha. Ndinaima kumvetsera. "Mwana akukana kuyamwa. Mwana akusanza chilichonse. Mwana akukomoka." Zinali zizindikiro zoopsa zimene anaphunzira ku Liwonde. Akalakwitsa ndondomeko ankayambiranso poyamba, mokweza, ngati pali wina amene awafunse mawa. Ndinapsa mtima. Ndinkaona munthu amene wandigulitsa chifukwa cha nyimbo yopanda ntchito, ndipo akuiimbabe.

Patapita zaka, ndili ku Phalula komweko, ndinadzipeza beseni la tomato lili pamutu, ndikudikira minibasi, milomo ikutchula yokha mitsinje ya m'Malawi kuyambira kumpoto, Songwe, Rukuru, Dwangwa, Bua, kuopa kuti mayinawo angandithawe m'mutu. Koma tsiku lija kuseri kwa nyumba ndinali mwana. Ndinkaganiza kuti pakhomo pathu wochotsedwa m'kalasi ndinali ine ndekha.