Yoswa ndi Kalebe, Mano Awili Otsala

Mkulu wa mpingo wathu ku Magodi ali ndi mano awili okha otafunila, lina pamwamba, lina pansi. Amawatcha Yoswa ndi Kalebe, pakuti anzawo onse anathela m'chipululu. Akamadya nshawa zokazinga amatsinzina monga munthu wopemphela, ndipo ife sitiwasokoneza.

Chaka chatha Kalebe anabooka nayamba kuwawa. Ana awo anati, "Adada, kazuleni chabe."

Iwo anakana. "Nanga Yoswa azitafuna ndi yani? Awili aposa mmodzi."

Anakwela minibasi kupita ku Chipata. Kumeneko dokotala anawabaya jekeseni ya dzanzi, naboola dzinolo, nachotsa mtsempha wodwala, natsuka muzu mpaka pansi. Atamva kuti mtsempha watuluka, mkuluyo anayamba kung'ung'udza nyimbo ya malilo, kukamwa kuli yasa.

"Atate, sitikuika munthu pano," anatelo dokotala. "Khalani chete nditseke muzu."

Atachila, tsiku la maumboni mkuluyo anaimilila kutsogolo. Anakweza nshawa imodzi kuti tonse tiione, naiika pakati pa Yoswa ndi Kalebe, naiphwanya. Mpingo wonse unayankha kuti, "Ameni."