Njinga Yomwe Ndinamugulitsa Tiwonge

Ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu pamene ndinagulitsa katundu wanga woyamba, ndipo ndinagulitsa moipa. Inali njinga yakapalasa yakuda imene achimwene anga anandisiyira popita ku Joni kukafuna ntchito. Nthawi imeneyo matipate anali atangoyamba kumene. Anthu ankakamba zandale mokweza m'maminibasi, atsikana olimba mtima anayamba kuvala mathalauza, ndipo mitengo ya zinthu m'masitolo a pa Dwangwa inkakwera osapuma. Sopo amene wagula Lolemba, pofika Lachisanu wakwera kale.

Tinkakhala kwa Kanyenda, kufupi ndi nyanja. Bambo anamwalira ndili wamng'ono, choncho amayi ndiwo ankatilera ndi geni ya mpunga. Anali mwana wa amalonda a ku boma, Msilamu wosaphonya swala, ndipo muyezo wawo sunkanama.

Mnzanga wapamtima anali Tiwonge. Makolo ake anachokera kumpoto kudzadula nzimbe kuesiteti, ndipo ine ndi iye tinakhala benchi limodzi kuyambira Sitandade 3. Zotsatira za mayeso zitatuluka, ine ndinasankhidwa kupita kusekondale yogonera komweko, iye ayi. Chaka chomwecho bambo ake anavulala mwendo ndi chikwanje, ntchito n'kutha. Tiwonge anayamba kupikula nsomba pagombe, n'kumasenza beseni pamutu mpaka kumsika wa pa Dwangwa. Pofika kumeneko ankapeza anzake a njinga atagulitsa kale, ogula atabalalika, nsomba zake zitayamba kufewa.

Ine ndinkafuna ndalama ya sutikesi, bulangete ndi ndowa. Iye ankafuna njinga. Nkhaniyo inangodzikonza yokha, ndipo tinakambirana titakhala pamkeka kuseri kwa nyumba yathu, tikutola timiyala mumpunga.

"Tchula mtengo, Asiyatu," anatero.

Ndinkadziwa kuti munthu wina wogulitsa makala anali atauza amayi kuti angapereke makwacha 700. Koma ine ndinali mwana wokonda kutamandidwa, ndivomere. Ndinkafuna mudzi wonse udziwe kuti Asiyatu, ngakhale akupita kusekondale, sanaiwale mnzake. Ndinati andipatse 300 basi.

Tiwonge anandiyang'ana nthawi yaitali. Anati ndi yochepa, ndiwonjezere. Ine ndinakwiya mwadala, n'kumufunsa ngati ubwenzi wathu unali wa pamsika. Kenako anati, "Yewo," monga amathokozera kwawo. Mawa lake anabweretsa ndalamayo atayimanga pansonga ya chitenje.

Amayi atamva anangondifunsa funso limodzi: "Wagulitsa kapena wapereka?" Ndinayankha kuti zonse ziwiri. Iwo anapukusa mutu n'kupitiriza kupeta mpunga, ndipo ndalama yotsala ya sutikesi anaipeza okha.

Masiku otsalawo ndinayenda m'mudzi ngati nduna. Pachigayo, pachitsime, ngakhale pakhomo la mzikiti Lachisanu, aliyense akatchula za njinga ya Tiwonge ndinkamwetulira n'kunena kuti, "Aa, ija ndinangomupatsa, kamtengo kake kanali kongochotsa manyazi." Sindinkayang'ana n'komwe kuti kumbuyo kwanga kwaima ndani.

Akuluakulu amati kupatsa n'kuika. Ine ndinaikadi, koma vuto langa linali loti ndinkapita kukasuzumira tsiku ndi tsiku. Nditabwera kutchuthi choyamba, ndisanamasule n'komwe sutikesi, ndinathamangira kwa Tiwonge, ndipo maso anga anayamba kupereka moni kwa njinga. Inali itasintha. Kaliyala anali atamuwotcherera zitsulo zina kuti azinyamula dengu lalikulu. Tayala lakumbuyo linali latsopano. Pamahandulo panali mamba a nsomba ouma, ndipo chishalo chinkanunkha utaka.

"Wayichita chiyani njinga yanga?" ndinatero, ndikuseka.

Iyenso anaseka, koma kuseka kwake kunathera m'mano.

Kuyambira tsiku limenelo ndinkangofika n'kuitenga. Kukagula mchere, ndatenga. Kukaona azakhali, ndatenga. Kupempha sindinkapempha, ndinkangodziwitsa. Pobweza ndinkasiyanso malangizo: azithira mafuta tcheni, asamayisiye padzuwa, asamanyamule katundu wambiri. Tiwonge ankangoti, "Chabwino." Ine ndinkaona ngati ubwenzi wathu wakula, poti zinthu zathu zinali za tonse. Sindinadzifunse kuti ndi chiyani changa chimene iye ankabwera n'kungotenga.

Loweruka lina m'mamawa ndinafuna kukacheza kwa mnzanga wa kusukulu amene ankakhala kunyumba za akuluakulu a kuesiteti. Kupita wapansi kwa anthu otero, thukuta lili kamukamu, ndinaona kuti n'chamanyazi. Ndinapeza njinga itatsamira pakhonde, dengu litamangidwa kale. Tiwonge anali atatsikira kugombe kukalimbana ndi asodzi pa mitengo. Amayi ake ankasesa pabwalo.

"Akuifuna posachedwa, mwana wanga," anatero motsitsa mawu.

"Ndibwera msanga, amama."

Anaima ndi tsache m'manja. "Nanga tingakukanize bwanji, poti ndiwe unatithandiza."

Ine ndinamva mawu amenewo ngati chiyamiko. Ndinamasula dengu, n'kuliika pansi, n'kupalasa ulendo. Kumene ndinapitako kunali tiyi wamkaka, buledi wa majarini ndi wailesi ya makaseti. Msanga uja anafika mpaka dzuwa litapendeka.

Pobwerera, fungo linandilandira ndisanalowe pabwalo. Tiwonge anali atakhala pansi pafupi ndi beseni, akutumbula nsomba n'kumazithira mchere, ntchentche zili ng'waa. Tsiku limenelo asodzi anapha zambiri, ndipo iye anaika mpamba wake wonse. Atasowa njinga anasenza pamutu, nakafika kumsika masana. Zina anagulitsa motaya, zina anabwera nazo, ndipo zambiri mwa izo zinali zoti ngakhale mchere sukanazipulumutsa. Khosi lake linali ndi mizere yoyera ya madzi a nsomba amene anaumira pakhungu.

"Bwanji sunandiuze kuti lero uli ndi katundu wambiri?" ndinafunsa, ngati wolakwa ndi iye.

Sanadzutse mutu. "Ndikanakuuza chiyani? Njinga si yako?"

Ndinaitsamiritsa pakhonde n'kuchoka. Ndinachita manyazi, koma manyazi a mwana wonyada amasanduka mkwiyo. Kunyumba ndinauza amayi kuti Tiwonge ndi wosayamika. Masabata awiri anatha osalankhulana ndi Tiwonge, ndipo ndinkamusowa kwambiri moti ndinkadzera dala njira ya kwawo, n'kudutsa nditayang'ana kumbali.

Kutatsala masiku ochepa kuti sukulu itsegulidwe, anabwera kwathu akukankha njinga. Sanayambe ndi kulankhula nane. Anagwada pamaso pa amayi n'kunena kuti akupempha tipite tonse kwa a Saidi. A Saidi anali mdala wokonza njinga pansi pa mtengo wa mango m'mbali mwa msewu waukulu, ndipo njinga imeneyi ankaidziwa kuyambira ili m'manja mwa achimwene.

"Agogo," anatero Tiwonge titafika, "mutiuze mtengo wa njinga iyi monga inalili tsiku limene ndinaitenga. Musandimvere chisoni ine, musamukondere iye."

A Saidi anaitembenuza miyendo m'mwamba. Anazungulitsa limu yakutsogolo n'kutchera khutu. Anadina masipoko ndi chala, anakoka tcheni, ananunkhiza ngakhale chishalo n'kukwinya mphuno, amayi mpaka anaseka. Kenako anayamba kuwerengera mokweza. Felemu njolimba, sinathyokepo, imeneyo ikweza mtengo. Limu yakumbuyo inali yopindika kale, iwo omwe anaiwongola kawiri, imeneyo itsitsa. Tcheni chinali chotha. Tayala latsopano ndi zitsulo za pakaliyala sizilowa m'nkhani, poti anagula ndi Tiwonge. Pomaliza anati 650.

"Ngati akufuna za pamsika, alipire mtengo wa yatsopano!" ndinakalipa, misozi ili m'maso.

"Mdzukulu wanga," anatero a Saidi akupukuta manja ndi kansanza, "ine ndimayesa zitsulo. Mkwiyo wako ndi chifundo chako ndilibe sikelo yake."

Tiwonge anamasula nsonga ya chitenje n'kuwerenga makwacha 350, mapepala ofewa onunkha nsomba. Ndinadabwa kuti wawapeza kuti, poti mpamba wake unali utangowonongeka kumene.

"Izi sindinaziike pa geni," anatero. "Ndinayamba kusunga tsiku lija unkauza anthu pachigayo kuti unangondipatsa. Ndinali kumbuyo kwako pamzere."

Ndinabisa manja kumbuyo. Ndinalira ngati kamwana, ndikunena kuti sindinafune ndalama zake, ndinkangofuna kumuthandiza. Ndipo zinali zoona, ndinkamukonda. Amayi anandigwira paphewa.

"Landira, Asiyatu. Sadaka munthu amapereka n'kuiwala. Malonda amatchula mtengo, n'kuiwalanso. Iwe sunaiwale, ndiye landira ndi manja awiri."

Ndinalandira. Pobwerera kunyumba ndinkaganiza kuti ubwenzi wathu wathera pansi pa mtengo wa mango uja, kuti wandilipira kuti andichotse.

Patapita masiku awiri ndinafuna kukagula makope pa Dwangwa. Ndinalimba mtima n'kupita kwa Tiwonge. Kwa nthawi yoyamba ndinaima kumapeto kwa bwalo n'kunena kuti odi. Anatuluka akumanga duku.

"Tiwonge, ungandibwerekeko njinga yako?"

Anandiyang'ana, n'kuyang'ana njinga. "Lero yayi," anatero. "Ndili ndi nsomba. Ubwere mawa masana ndikakusiye ndekha, nawenso unenepe pang'ono, kaliyala wanga sanyamula minga."

Kenako anaseka kuseka kwake kwenikweni, kuja kwa m'kalasi kumene aphunzitsi ankatitulutsira panja tonse awiri. Ndinali ndisanakumve kuyambira tsiku limene ndinamugulitsa njinga. Mawa lake anandinyamuladi, ndipo njira yonse ankandinyoza kuti kusekondale andiphunzitsa kuyenda ngati bakha.

Lero ndine mayi wa zidzukulu, ndipo ndagulitsapo zambiri kwa abale ndi abwenzi: makina osokera, mbuzi, ngakhale kamunda ka mpunga. Wina akati, "Poti ndife amodzi, ingotchula chilichonse," ndimakana, ndipo timaitana munthu wodziwa kuti atiyesere. Kuchotserako pang'ono ndimachotsera, koma pokhapo pamene mtima wanga ungathe kuiwala. Zinanditengera zaka kuti ndimvetse zimene mwana wa wodula nzimbe uja anazimvetsa ali ndi zaka khumi ndi zisanu. Makwacha 350 aja sankagulira njinga, poti njinga anali nayo kale. Ankawombola pakamwa pake kuti azitha kundikaniza, chifukwa munthu amene sangakuuze kuti ayi sakhalanso mnzako.