Tusajigwe Anakana Kugawa Madzi

Mliri wa korona utafika ku Doha, hotela imene Tusajigwe ankachapako zofunda inatsekedwa. Iye ndi akazi anzake anawatsekera m'nyumba ya kampani kudera la Old Airport, m'chipinda cha mabedi osanjikiza, zenera loyang'ana khoma. Kukacha ankangokhala pabedi n'kumayang'ana miyendo yake ngati ya munthu wina.

Miyendo imeneyi inakulira m'mapiri a ku Misuku. Ali mtsikana ankakwera zitunda za m'minda ya khofi akuthamanga, nkhungu ikumunyowetsa kumaso, anyamata akumuonera kumsana. Koma tsiku limene anaima pamzere wa mpikisano wa mtunda wautali, amalume ake anamukoka dzanja anthu akuona. Anati mkazi akathamanga chotero chiberekero chimagwa. Analira, n'kusiya.

Tsopano m'chipinda muja, chimene ankachilakalaka sichinali ndiwo za kwawo ayi. Ankasowa msewu wautali ndi mphepo yomuwomba pachifuwa. Anayamba kukwera ndi kutsika masitepe a nyumbayo, masiki ili kukamwa, mpaka Belinda, mnzake wa ku Chipata, anamufunsa ngati mutu ukuyenda bwino.

Ziletso zitayamba kuchepa, anamva kuti amuna a pakampanipo ali ndi gulu lokonzekera marathoni ya m'nyengo yozizira. Mtsogoleri wake anali a Overton, Mmalawi wachikulire woyang'anira alonda. Anawapeza pageti, nawapempha mwaulemu kuti alowe nawo.

A Overton anaseka pang'ono, osati mwachipongwe. Anamukumbutsa kuti akazi a kampaniyo satuluka popanda basi ya kampani. Nanga azikonzekera kuti? Koma tsiku la mpikisano, anatero, akhoza kudzathandiza kugawa madzi.

"Bambo, madzi ndagawira anthu moyo wanga wonse," anayankha Tusajigwe. "Ulendo uno ndikufuna wothamangayo ndikhale ine."

"Lamulo si langa, mwanawe. Khalasi, nkhani yatha."

Chaka chomwecho lamulo la ntchito linasintha. Munthu tsopano ankaloledwa kuchoka pakampani popanda kupempha chilolezo kwa bwana wake. Ambiri ankaopa, poti kunkamveka mphekesera zoti oyesa kutero akuwakweza ndege kuwabweza kwawo. Tusajigwe anayesa. Bwana anamuitanira ku ofesi n'kumunena kuti ndi wosayamika. Belinda anamuchonderera kuti asamusiye yekha. Zimenezo ndiye zinamuwawa kwambiri, koma sanabwerere m'mbuyo.

Anapeza ntchito yolongedza katundu m'sitolo ina ku Al Nasr. Chipinda chimene anachita lendi chinali chaching'ono, koma kiyi inali m'thumba mwake.

Lachisanu, tsiku lopuma kumeneko, m'mamawa anapita kumene amuna aja ankathamangira, m'mbali mwa nyanja. Palibe anamuitana, palibenso anamupatsa moni. Mlonda wina, Sudi, anadandaula kuti mkaziyu akakomoka awabweretsera apolisi. Tusajigwe anangoyamba kuwatsata pambuyo. Tsiku loyambalo anasanza, iwo n'kuzimiririka patsogolo. Anabwerera yekha pa sitima ya metro, thukuta likuumira m'thupi.

Lachisanu lotsatira analiponso. Linzakenso chimodzimodzi. Amuna aja anazolowera kumva mapazi kumbuyo kwawo, kenako anayamba kuwamva pambali.

Tsiku lina akuthamanga anawapeza a Overton, iwo akupuma movutikira. Ulemu wa kwawo unamugwira, anachepetsa liwiro kuti asapitirire munthu wamkulu. Iwo anamuyang'ana cham'mbali.

"Ukundidikira chifukwa chiyani? Yala," anatero m'chinenero cha kumeneko, "pita. Amene anakuletsa kale ndi okwanira."

Marathoni itafika, Tusajigwe sanapambane. Chakumapeto miyendo inakungana, anayenda pang'ono akukukuta mano, n'kuyambanso kuthamanga. Anamaliza. Atakhala pansi, chisangalalo chinasakanikirana ndi chisoni, poti mwa akazi amene anagona nawo chipinda chimodzi nthawi ya mliri panalibe ndi mmodzi yemwe woti amukumbatire. Onse anali kuseri kwa geti.

Ndiye sanalekere pomwepo. Anakakamira a Overton mpaka anapita okha kukapempha kuti akazi azitulukanso Lachisanu m'mawa monga amuna. Bwana anakana. Anapitanso, ulendo uno ndi Sudi yemwe. Patapita miyezi, geti linatseguka.

Belinda anatuluka atavala nsapato zobwereka zachimuna. Anathamanga kamtunda kochepa, n'kukhala pansi m'mbali mwa msewu, akuseka kwinaku misozi ikutsika. Tusajigwe anamuchenjeza kuti mawa miyendo idzamupweteka.

"Ipweteke," anatero Belinda. "Bola ndi yanga."

Inu amene mukuwerenga, mwina pali chimene mtima wanu wakhala ukuchilira zaka zambiri, anthu akukuuzani kuti si cha inu. Musadikire kuitanidwa. Yambani ngakhale muli pambuyo pa onse, ndipo mukadutsa, mukumbukire amene mwawasiya m'kati. Mtima wokhawo musautaye.