Akuti Wake ndi Wopepuka

Mwana wanga wamkazi anali mu fomu 2 pamene dokotala anatiuza dzina la vuto lake: autizimu, vuto la mu ubongo lomwe limachititsa munthu kuvutika ndi phokoso komanso kucheza ndi anthu. Anawonjezera kuti wake ndi wopepuka, popeza amalankhula ndipo m'kalasi amakhoza. Titabwerera kwathu ku Liwaladzi ndinafotokozera abale zonse. Iwo anatolapo liwu limodzi: wopepuka.

Dokotalayo anamuona m'chipinda cha zii. Sanamuonepo akuchokera kumsika wa ku Dwangwa, atatseka makutu, akulephera ngakhale kuvula nsapato.

Chaka chomwecho mayi anga anamwalira. Kwathu akazi apachibale amakhala m'nyumba ya siwa mothithikana, ndipo mlendo aliyense akalowa kulira kumayambiranso. Mwanayo anakakhala kuseri kwa khitchini, n'kumasenda chinangwa cha anthu obwera pamaliro. Ndimo mmene ankalirira agogo ake. Ankangodikira ulendo wa kumanda kuti akaponye dothi.

Mlongo wanga wamkulu anamupeza.

"Iwe, amene agona m'nyumbamo ndi mlendo kwa iwe?"

Ndinati, "Achemwali, musiyeni. Phokoso limamupweteka."

"Achimwene, si inu munati wake ndi wopepuka? Mayeso amalemba, kulira agogo ake ndiye kumukanike? Wodwala ndi mwana wa aneba uja wosalankhula. Uyu ndi matama."

Wa anebayo anali atamutsekera m'nyumba, ati sadziwa kanthu, chonsecho ankadya pakhonde la mayi anga tsiku lililonse.

Anandiitana kukalandira bokosi. Pobwera ndinapeza atamukokera m'siwa. Anali pakona akumenyetsa mutu kukhoma, azimayi atamuzungulira, aliyense akumugwira, wina akuti agogo ake amulowa. Ndinamunyamula ngati khanda. Pamene anthu ankanyamuka kupita kumanda, iye anali chigonere, atafunda bulangete kumutu.

Teremu yonseyo sanalankhule, kusukulu sanapite. Pakamwa pa abale omwe aja panayamba kutuluka zina: "Ndiye kuti wake wasanduka wolemera." Ngati akuyeza thumba la mpunga pasikelo.

Mawu ake atabwerera anandifunsa, "Ababa, munaponya dothi langa?"

Ndinamuuza zoona, kuti ayi. Sanafunsenso.

Mpaka lero liwu lija likandipeza mtima umawira. Silinamupatse thandizo lililonse. Linangopatsa anthu chilolezo chomukakamiza. Mlongo wanga amati ndimasunga mangawa. Ndimasungadi. Maliro a munthu sachitika kawiri.