Malo a Mawondo pa Thanki

Njinga yamoto imene anthu a ku Kabwata amandidziwa nayo sindinagule ndine. Inali ya mkulu wanga, mwana woyamba m'nyumba mwathu, ndipo inafika m'manja mwanga kudzera pa maliro. Iye anaigula nthawi imene aliyense mu Lusaka ankaitanitsa galimoto zakale za ku Japan, misewu n'kudzaza moti munthu wochokera ku Chelstone ankamera imvi m'minibasi asanafike m'tauni. Mkulu wanga analibe mtima wodikira. Ntchito yake inali yokonza makina a fotokope m'maofesi, lero ku Kabulonga, mawa ku Emmasdale, ndiye anati za mizere ya galimoto zamukwana. Anabwera ndi njinga yakuda bii, koma kuda kwake kosawala ngakhale pang'ono, ngakhale dzuwa litaiomba masana.

Amayi ataiona koyamba anaizungulira manja ali kumbuyo, kenako n'kufunsa ngati inapsa ndi moto. Mkulu wanga anaseka mpaka kugwira khoma.

"Amai, ni mwamene ibwelela," iye anatero. "Ni penti yake chabe, siifunika kuwala."

Amayi anayankha kuti iwo akuona poto wa pa mbaula amene mwini wake ndi waulesi. Muyenera kuwamvetsa amayi anga. M'mzere wathu wa nyumba ku Kabwata, zija boma linagulitsa kwa okhalamo, mkazi ankadziwika ndi khonde lake. Loweruka lililonse m'mawa azimayi ankagwada ndi polishi wofiira ndi bulashi, ndipo khonde la amayi linkawala moti alendo ankavula nsapato asanauzidwe, ena n'kuterereka ndi sokosi. Kwa iwo chinthu chosawala chinali chinthu chosasamalidwa, nkhani n'kuthera pomwepo. Njingayo sanaikhudzepo, ndipo mwini wake akabwera kudzawaona ankamuuza kuti akaiimike kuseri, pafupi ndi mpopi, anthu a kutchalitchi asaione.

Mkulu wanga sanafere pa njinga monga ankaopera amayi. Anadwala kanthawi kochepa, tikuti akupeza bwino, n'kutisiya. Anali asanakwatire, choncho maliro atatha achibale anakhala pansi kugawana katundu wa m'kanyumba kamene ankachita lendi ku Chelstone. Wailesi ya kanema, mipando ndi masuti zinapeza eni ake msanga. Njinga ndiyo inasowa woifuna. Amalume athu a ku Kitwe anati ikuoneka ngati yobedwa, imene wakuba anaipaka penti mothamanga kuti apolisi asaizindikire. Anandipatsa ine pamodzi ndi kanyumba kaja, ndipo kaperekedwe kake kanali ka munthu amene akutula katundu.

Ndinaphunzira kuiyendetsa pa bwalo la mpira, ndikugwa ndi kudzuka. Tsiku loyamba kuitsuka m'pamene ndinaona chimene achibale onse aja sanaone. Mbali zonse ziwiri za thanki ya mafuta panali malo owala, aakulu ngati chikhatho, pamene mawondo a mkulu wanga ankakhula. Pamwamba pa thanki, chakumanzere, panali penanso pang'ono, pamene ankagogoda ndi zala akaima pa maloboti, poti munthuyo sankatha kukhala phee. Penti wotereyu ali ndi khalidwe lake: chimene chikumukhula tsiku ndi tsiku chimamusalalitsa, ndipo pamene pasalala sipabwereranso mwakale. Mkulu wanga anali wamtali, ine ndine wamfupi ngati amayi, ndiye mawondo anga ankagwira m'munsi mwa malo akewo osawafika. Ndinakhala pa chidebe nsanza ili m'manja, n'kulira kulira kumene kunandikanika kumanda. Zithunzi zake tinali nazo, ataima chilili m'suti, nkhope ili gwa ngati ya pa chiphaso. Koma pa thanki paja panali mmene ankakhalira tsiku lililonse.

Kuyambira pamenepo ntchito yanga yeniyeni inali kusunga malo amenewo. Ya mu shopu ya mankhwala m'tauni inali yongopezera mafuta. Malamulo osamalira pentiyo ndinkawadziwa kale, chifukwa mwini wake ankawalalikira kwa aliyense woyandikira njingayo. Kuitsukira pamthunzi, injini itazizira. Madzi ambiri, sopo wamadzi pang'ono, nsanza yofewa. Osapukuta mozungulira ngati ukutsuka mbale, koma kungosindikiza nsanzayo kuti imwe madzi. Mbalame ikaipitsapo, kunyowetsa msanga dzuwa lisanaumitse. Ndikathira oyilo pa tcheni ndinkayamba ndaphimba mbali yonse ndi nyuzipepala, chifukwa dontho limodzi limasiya banga. Miyezi ya mphepo, fumbi la Lusaka litalowa mpaka m'mano, ndinkaifunditsa nsalu yakale ya pabedi, eni nyumba anga n'kumafunsa ngati mkazi wangayo wagona bwino.

Ine mkwiyo wanga uli pafupi, ndipo njinga imeneyi inandiyambanitsa ndi theka la tauni. Pothira mafuta ndinkagwirizira nsanza pakamwa pa thanki, ndipo wothira mafuta akangodonthezapo ndinkamukumbutsa za makolo ake. Otsuka galimoto a m'mbali mwa msewu ku Kamwala ndiwo ankandipsetsa mtima koposa. Ukangoima kuti ugule mababu kapena chingwe cha buleki, wina wafika kale ndi kachitini m'manja.

"Ba bosi, yafota iyi. Tiifake polishi, muzaiona mwamene izawalila."

"Ukaigwila chabe, tizakambilana ku polisi," ndinkatero, iwo n'kumaseka kuti munthu wa njinga ya makala wafika.

Za malo a mawondowo sindinauze munthu. Ndinkadziwa abale anga. Akanati ndikusunga thukuta la munthu wakufa, n'kuitana akuluakulu a mpingo kuti adzaipempherere, mwinanso kudzaitsuka ndi madzi awo. Komanso, kunena zoona, ndinkasangalala kuti pa katundu yense uja ine ndinatenga chinthu chimene enawo sanadziwe n'komwe kuti chilipo.

Chaka chitatha inakwana nthawi yovundukula chiliza, mwala uja timaika pamanda. Pamsonkhano wa banja amalume a ku Kitwe, omwe aja ankati njinga ndi yobedwa, analamula kuti iyo ndiyo idzatsogolere galimoto zonse kuchokera ku Kabwata, kudutsa ku Woodlands, mpaka kumanda. Anati anthu aone kuti malemu anasiya kanthu. Ndinavomera mokondwa. Dzulo lake la mwambowo ndinaitsuka mwa malamulo onse, n'kupita nayo kwa amayi m'mawa. Ndinaiimika kuseri monga mwa nthawi zonse, ndinaifunditsa nsalu yake, n'kunyamuka kukalandira achibale ku siteshoni ya mabasi ndi kukatenga mipando ya lendi. Mabasi anachedwa, a mipando nawo anandizunguza, moti ndinabwerera dzuwa litapendeka.

Chimene chinandilandira pachipata ndi fungo la polishi wa nsapato. Njinga sinali kuseri. Inali kutsogolo, pakhonde penipeni, ndipo inkawala kuyambira ku nyali mpaka kumchira. Amayi anakhala pamphasa pambali pake, chitenje chili ndi mabanga, zala zili bii, thukuta lili kamukamu. Azimayi a m'mzere wathu anali atazungulira akuyamikira.

Nkhani yake anandifotokozera okha, monyadira. Ine nditangotuluka anavundukula nsalu ija, n'kuona kuti sizingatheke. Anayamba ndi polishi wa nsapato wakuda, koma sankagwira bwino. Ndiye bambo wa nyumba yoyandikana nafe, woyendetsa takisi, anawabwereka phala limene amachotsera zokala pa galimoto yake. Limenelo ndilo linagwira ntchito. Anagwada tsiku lonse, mayi wa msana wovuta, akukhula thanki ndi mbali zonse mozungulira ngati mmene amachitira pakhonde. Atamaliza anaitana anzawo kuti awathandize kuikankhira kutsogolo.

"Sindikanalola kuti mwana wanga atsogolere anthu ali mbuu," anatero amayi. "Ali moyo ndinkamukalipira nayo njinga imeneyi. Lero ndati ndimutsukire ndekha."

"Eya," amalume anavomereza ali pampando. "Manje yaoneka monga njinga ya munthu."

Ndinayandikira thanki. Ndinayang'ana mbali iyi, ndinazungulira kukayang'ana inayo, ndinawerama kuti mwina kuwala kwa dzuwa kukundinamiza. Ponse panali chimodzimodzi. Malo a mawondo aja sanafufutidwe ayi, koma thanki yonse inali itafanana nawo, ndiye panalibenso chowasiyanitsa. Mawu amene ndinkalalatira othira mafuta ndi otsuka galimoto anafika pakhosi onse pamodzi. Koma amayi anali kundiyang'ana, manja akudawo atawatambasula pamiyendo kuti asadetse zovala, akudikira kuti ndinene kanthu.

"Mwagwira ntchito, amayi," ndinatero.

Ndinapita kuseri, n'kutsegula mpopi mwamphamvu kuti anthu aziganiza kuti ndikusamba m'maso.

M'mawa mwake ndinatsogolera galimoto monga tinapangana. Kumanda anthu anayamikira chiliza, anayamikiranso njinga, ndipo amayi analandira ulemu wonsewo mutu uli m'mwamba. Mlungu wotsatira ndinayesa kuitsuka ndi sopo kangapo konse. Polishi wa nsapato anachoka, koma kuwala kunatsala, chifukwa phala lija linali litadya pentiyo. Wopaka penti wina ku Emmasdale anandiuza kuti akhoza kuipala yonse n'kuipopera mwatsopano, ioneke ngati tsiku limene inagulidwa. Ndinamuthokoza n'kumapita. Njinga ya tsiku limene inagulidwa ndinalibe nayo ntchito.

Ndinapitiriza kuiyendetsa, koma mtima unali utachokamo. Nsalu yofunditsa ija ndinaibwezera pabedi. Tsiku lina ku Kamwala ndinawasiyira otsuka galimoto aja kuti achite zimene akufuna, ndipo anandiyang'ana ngati ndadwala. Ku Kabwata ndinayamba kupitako patalipatali, ndikafika moni ndi kapu ya tiyi, n'kunena kuti ndili ndi ntchito. Sindinkadana nawo amayi. Kungoti ndikaona zala zawo ndinkakumbukira tsiku lija, ndipo ndinkaopa pakamwa panga.

Mayi amamudziwa mwana wake. Mvula itayamba ndinapitako masana ena kukawasiyira mankhwala a msana. Ndikuvala chipewa kuti ndizipita, anandigwira dzanja n'kundikhazika pansi.

"Kuyambira tsiku la chiliza sundiyang'ana kumaso," anatero. "Ngati ndinakulakwira, nena. Ndatsala ndi iwe wekha, sindingamakuone ngati mlendo."

Ndinayesa kuzemba, koma sanandisiye dzanja. Ndiye ndinawauza zonse, mofatsa mmene ndikanathera. Ndinawauza za penti, mmene amasalalira akamakhulidwa. Ndinawauza za mawondo a mwana wawo mbali zonse ziwiri za thanki, za zala zake pa maloboti, ndi mmene ndinasungira malo amenewo chaka chonse. Ndinkayembekezera kuti akalipa, kapena anena kuti ndi zachikunja. Koma sizinatero. Anadzuka movutikira, n'kutsika pakhonde opanda nsapato, mpaka pamene njinga inaima pafupi ndi chipata.

"Panali pati?" anafunsa.

Ndinaima pambali pawo. Chaka chonse ndinkati malowo ndingawaloze nditatsinzina, koma maso anga anali atazolowera kutsogoleredwa ndi kuwala kuja. Tsopano pa thanki ndinkangoonapo nkhope yanga ndi yawo. Ndinaloza pamene ndinkaganiza, ndipo mpaka lero sindikudziwa ngati panali pomwepo kapena chakutsogolo pang'ono. Amayi anaikapo chikhatho. Anakhala choncho nthawi yaitali, mvula ikuwaza, ine ndikusowa poyang'ana. Chisoni chimene ndinamva pamenepo chinaposa cha tsiku la polishi, chifukwa tsiku lija ndinkalira zanga zokha.

Kenako anachotsa dzanja n'kuliyang'ana.

"Ukanandionetsa, mwanawe," anatero. "Sindikanapukuta. Ndikanangogwirapo."