Chimanga Chomwe Sindinathire Feteleza

Ndikukumbukira dimba la pasukulu yathu ya pulayimale, kudera la Magodi, ngati ndachokako dzulo. Linali kuseri kwa kalasi ya giredi 5, m'mbali mwa kanjira kopita kuchitsime, ndipo linatchingidwa ndi minga kuopa ng'ombe. Zaka zonse m'mbuyomo dimba limenelo linali malo a chilango. Ukachedwa, khasu. Ukalankhula Chitumbuka m'kalasi, khasu. Repu ndi matimati zomwe tinkalima zinkathera m'miphika ya aphunzitsi, ife n'kutsala ndi matuza m'manja. Palibe mwana amene ankalikonda dimba lija mpaka pamene kunabwera Madamu Zimba, chapakati pa zaka za m'ma 1990.

Anali mtsikana ndithu, wongochoka kumene kukoleji, wamfupi, woyenda mofulumira ngati wasiya mphika pamoto. Anabwera ndi timabuku titatu ta ana tomwe ankatikulunga m'pepala la pulasitiki. Ife mabuku tinkawadziwa: limodzi pa anthu asanu ndi mmodzi, lopanda chikuto, zithunzi zake zakuda bii. Koma ta Madamu tinali ndi mitundu. Kamodzi kankaonetsa njere ya chimanga ili pansi pa nthaka, muzu woyera ukutuluka, kenako tsamba lobiriwira likuboola dothi. Ankatiwerengera m'Chingerezi, n'kumasulira m'Chinyanja, ndipo akaona kuti tangoti kakasi ankaponyamo Chitumbuka mwakachetechete kuti ahedi asamve. Usanagwire tsamba unkayamba wasamba m'manja ndi kuwaonetsa. Mpaka lero ndikanunkhiza pepala latsopano losalala, ndimakumbukira kabuku kameneko.

Mu Januwale, mvula ili pakati, Madamu anatitengera kudimba opanda aliyense wolakwa. Tinadabwa. Anatiuza kuti tiona ndi maso athu zimene kabuku kankanena, zoti chomera chimadya. Tinapanga mizere itatu yofanana, n'kubzala chimanga cha mtundu umodzi tsiku limodzi. Mzere woyamba unali wothira feteleza, ndipo anaupereka kwa Suzgo, mnyamata wokhala kutsogolo. Wachiwiri unali wa manyowa a ng'ombe, wa mnzanga Chimwemwe. Wachitatu unali wosathira kalikonse, ndipo unagwera ine. Ntchito yathu inali kupalira, kuyeza kutalika kwa chimanga ndi rula Lachisanu lililonse, ndi kulemba m'kope zimene taona.

Nkhope yanga inagwa, ndipo Madamu anaona.

"Iwe Tiwonge, usakwinye nkhope," anatero. "Mzele wako ndiye waukulu pa yonse. Popanda wako, tizadziwa bwanji kuti fataleza yagwila nchito? Sinifuna chimanga chachikulu ine, nifuna zoona."

Kenako analonjeza kuti amene adzasamale mzere wake mokhulupirika ndi kulemba zoona zokhazokha adzatenga kabuku ka njere kaja kupita nako kwawo pa tchuthi chonse cha Epulo. Mwezi wathunthu, kabuku m'manja mwanga, popanda wondiuza kuti tembenuza msanga! Kuyambira tsiku limenelo ndinaulondera mzere wanga kuposa mmene ndinkalerera mng'ono wanga.

Cholakwa cha Madamu chinali chimodzi, ndipo sindiwaimba mlandu chifukwa anakulira m'tauni. Anatenga timatabwa, n'kulemba ndi penti dzina la mwini mzere, lonse lathunthu, n'kukhoma kumutu kwa mzere. Langa linkawerengeka uli panjira: TIWONGE MTONGA.

Tsono a Mtonga, bambo anga, omwe kwathu timati adada, sanali mlimi wamba. Anthu ankatsika panjinga kuti aone chimanga chawo. Alangizi a zaulimi akafuna kuonetsa anthu munda wabwino ankabwera nawo kwathu. Analinso mkulu wa mpingo, ndipo mpingo wathu nthawi imeneyo unkapemphera m'kalasi ya giredi 5, chifukwa tchalitchi chinali chisanafoleredwe. Lamulungu lililonse mudzi wonse unkadutsa pa mpanda wa dimba lija.

Pofika mu Febuluwale, chimanga cha Suzgo chinali chobiriwira mpaka kuderako, cha Chimwemwe chikutsatira, changa chili chachikasu, chowonda, chosafika ndi m'mawondo momwe. Ine ndinkanyadira. Ndinkalemba mosamala kuti masamba apansi auma kunsonga, ndipo Madamu ankachonga n'kumwetulira. Kunyumba ndinafotokoza zonse, kuti changa chiyenera kukhala choncho dala. Adada anamva. Ndikunenetsa kuti anamva, chifukwa anandiyang'ana n'kuti "hmm", ndipo amama anafunsanso kawiri.

Lamulungu lina titatuluka m'mapemphero, azibambo anaima pa mpanda, majekete ali paphewa. Mmodzi anawerenga kathabwa kanga mokweza, chilembo chimodzichimodzi.

"A Mtonga, kasi ngoma izi ni za mwana winu nadi?" anafunsa, kutanthauza chimangacho. "Panji fataleza yamala kunyumba?"

Anaseka onse. Adada anaseka nawo, koma ndi mano okha. Lamulungu lotsatira, ndi linzakenso, anatiuza kuti titsogole, iwo atsala ndi nkhani za mpingo.

Patapita masiku, chimanga changa chinayamba kusintha. Masamba atsopano ankatuluka obiriwira, mapesi akunenepa. Ine, mwa uchitsiru wanga, ndinasangalala. Ndinkaganiza kuti ndatulukira chinthu chomwe ngakhale kabuku sikankachidziwa, kuti chimanga chikavutika mokwanira chimadzipezera chokha chakudya. Ndinalemba zonse m'kope monga ndinaziona. Madamu anawerenga, osachonga. Lolemba lotsatira anatitengera tonse kudimba, anatola kamtengo, anagwada pa mzere wanga n'kuyamba kufukula pafupi ndi phesi. Sabata imeneyo mvula inali itadula, ndiye zomwe zinali pansi zinali zisanasungunuke. Timibulu toyera ta feteleza wa yureya tinatuluka mbee. Anafukula phesi lachiwiri, chimodzimodzi. Lachitatu, chimodzimodzi.

Ana anzanga ankayang'ana feteleza. Ine ndinkayang'ana maenje. Lililonse linali zala zinayi kuchokera paphesi, kumtunda kwa mzere kuti madzi akamatsika apite nayo kumizu, ndipo linatsekedwa ndi chidendene cha nsapato ya tayala. Ndi munthu mmodzi yekha amene ndinkamudziwa wothira feteleza motero, ndipo ndinali nditayenda pambuyo pake chaka ndi chaka nditanyamula beseni. Ndiye kuti anathira kawiri, masiku awiri aja a Lamulungu, atangochoka kumene kotsogolera nyimbo.

"Tiwonge, ni iwe unacita izi?"

"Si ine, Madamu."

"Nanga ni ndani? Niuze."

Amene sanakulire kwathu adzati bwenzi utangonena. Koma mwana wamkazi wa zaka khumi ndi chimodzi, woleredwa kuti polankhula ndi bambo ake azigwada, angatchule bwanji dzina lawo pa mlandu, pamaso pa kalasi yonse, ana a anthu omwe aja ankaseka pa mpanda? Madzulo ake nkhani ikanakhala itafika m'nyumba iliyonse kuti mwana wa a Mtonga wawavula bambo ake pagulu. Ndinayang'ana pansi.

"Sinidziwa, Madamu."

Limenelo ndilo bodza loyamba ndi lomaliza lomwe ndinanena pa za chimanga chija, ndipo ndinalinena poteteza munthu amene anandiika m'mavutomo.

Madamu sanandimenye. Bola akanandimenya. Anangoti, "Nenze kukudalila, iwe," n'kutenga kope langa, n'kudula ndi cholembera chofiira masamba onse omwe ndinalemba kuyambira tsiku lobzala. Ahedi ndiwo anakometsera. Pa asembule anandiimika kutsogolo n'kuuza sukulu yonse kuti ndine wabodza, ndiponso wakuba, chifukwa zaka zimenezo feteleza ankasowa ndipo mwana sakanampeza kwina koposa kuba m'thumba la bambo ake. Anati akumvera chisoni a Mtonga, munthu wolemekezeka, kubereka mwana wotere. Chilango chinali kuzula chitsa cha msuku kuseri kwa ofesi, ndipo chinanditengera masiku atatu. Anyamata anandipatsa dzina loti NyaYuliya, kunena yureya uja, lomwe linandikakamira mpaka giredi 7.

Tsiku loyamba la chitsa ndinafika kunyumba masana, manja akutuluka madzi. Ndinapeza adada pansi pa mtengo wa mango akumata chubu cha njinga. Ndinagwada pataliko monga mwa mwambo.

"Adada, ndimwe mukathira fataleza kusukulu?"

"Enya, ndine," anavomera osadzutsa n'komwe mutu. "Zina lane lili pa thabwa, ngoma zili ngati zalwala, ŵanthu ŵakuseka. Ukakhumbanga nichite uli?" Ankandifunsa kuti ndinkafuna achite bwanji, anthu akuseka dzina lawo.

Ndinawakumbutsa kuti ndinawafotokozera. Ndinawauza za kope, za asembule, za kabuku. Ndinawapempha, misozi ili mbwembwembwe, kuti apite akawauze Madamu mawu awiri okha. Apo m'pamene anaika chubu pansi n'kundiyang'ana ngati ndapenga.

"Ine? Nilute kwa kamsungwana kala nikapepese chifukwa chakuti napa ngoma chakurya? Yayi." Zopita kukapepesa kwa kamtsikana chifukwa chopatsa chimanga chakudya anakaniratu.

Amama, amene ankamva zonse ali pakhonde, anandikoka dzanja. "Leka waka, mwana wane. Mbadada ŵako." Nkhani inathera pomwepo. Lamulungu lotsatira adada anaima m'kalasi momwe muja, patsogolo pa bolodi lomwe Madamu ankalembapo, n'kutsogolera pemphero lovomereza machimo. Ine sindinatseke maso.

Chimene chimandipsetsa mtima kwambiri n'chakuti sanawononge za ine ndekha. Pofika pa tchuthi mizere itatu ija inali yofanana, ndipo panalibenso choti tiphunzirepo. Ana makumi anayi tinatsala pang'ono kuona ndi maso athu chinthu chomwe tinkangoloweza pamtima, munthu mmodzi n'kutilanda chifukwa anzake anamuseka pa mpanda. Kabuku kanapita ndi Suzgo, ndipo kanabwerako kali ndi dontho la mafuta pachikuto. Madamu sanatitengerenso kudimba. Ankandiphunzitsa bwinobwino, osadana nane, koma ndikakweza dzanja maso awo ankandidumpha. Kamodzi ndinapita kunyumba kwawo nditatsimikiza kuti lero ndinena. Atatsegula chitseko n'kufunsa kuti, "Ufuna cani?", ndinati ndabwera kudzawatungira madzi. Kutha kwa chaka anawasamutsa, ndipo dimba linabwerera kukhala la ochedwa.

Masiku ano zinthu zasintha. Pamalo pa dimba lija pali nyumba ya mphunzitsi, tchalitchi chinafoleredwa kalekale, ndipo ana anga amaonera pafoni njere ikumera m'kanthawi kochepa, osadikira Lachisanu ndi rula. Mabuku a mitundu ali nawo, ena amagona pansi pa bedi. Aphunzitsi awo akamuganizira mwana cholakwa amayamba aitana kholo n'kufunsa, ndipo ana enieniwo saopa kunena kuti amama ndi amene anandilembera. Anzanga ena amadandaula kuti ulemu unatha. Ine ndikamva choncho ndimangokhala chete, chifukwa ulemu umenewo ndinaulawa ndipo ndikudziwa amene ankaulipira.

Chaka chatha ndinakumana ndi Chimwemwe pamsika ku boma la Lundazi, ndipo pakati pa nkhani zina anandiuza kuti Madamu Zimba anamwalira. Ndinali ndikudziuza zaka zonsezi kuti tsiku lina ndidzawafunafuna. Nditapita kumudzi ndinawapeza adada ali pampando pakhonde, akalamba tsopano, maso achita khungu pang'ono. Ndinakhala pansi pafupi nawo, ine mayi wa ana atatu, n'kuwauza.

"Yura wa ngoma?" anafunsa, n'kuseka mpaka kutsokomola. "Kweni zikakula makora, ngoma zira!" Chimene ankakumbukira n'chakuti chimanga chija chinakula bwino.

"Adada," ndinatero, "Madamu ŵafwa ŵachali kughanaghana kuti ndine mutesi." Ndinabwereza kuti amve bwino: apita akuganizabe kuti ndine wabodza.

Kuseka kunatha. Anayamba kusisita bondo, ndipo ndinaganiza kuti mwina lero, patapita zaka pafupifupi makumi atatu, ndimva mawu opepesa. Kenako anatembenukira kwa ine, nkhope ili yodabwa zenizeni.

"Nanga iwe ukalekerachi kuŵaphalira?"

Ankandifunsa chifukwa chimene sindinawauzire Madamu. Ndinadzuka n'kupita kuseri kwa nyumba, chifukwa yankho lomwe linali pakamwa panga silinali loti mwana n'kuuza bambo ake.